Anakwiyitsa Mphika Ndani?

Anthu a kwa Fidencio atabwera koyamba kudzafunsira mwana wathu Otilia, amuna anga a Nicandro anawakana. Palibe anadabwa, mwambo wake ndi womwewo, mwana wamkazi sapereka ngati nkhuku ya pamsika. Anabwera kachiwiri ndi buledi, makandulo ndi botolo la mesikali, kachasu wa kwathu kuno, anawakananso. Tinagwedeza mitu, tikuti bamboyu akudziwa kulemeretsa mwana. Koma atabwera kachitatu, pamene bambo aliyense wa kuno ku Santa Rita amavula chipewa n'kunena kuti chabwino, a Nicandro anayang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula, n'kuti, "Tidzaonabe."

Tidzaonabe! Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mayi a mnyamatayo, Donya Maclovia, ndi munthu woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako. Anatumiza mawu kuti abweranso kamodzi kokha, Lamlungu masana. Akapanda kumva "inde", Fidencio akwera basi ya kumpoto kukathyola mphesa ndi amalume ake, nkhani n'kuthera pomwepo. Otilia analira mpaka maso ngati tomato. Choncho Lamlungulo banja la mwana wanga linatsamira pa zinthu ziwiri, pakamwa pa bambo ake ndi mphika wanga wa matamale, chakudya chathu cha chimanga chopera chokulunga m'makoko n'kuphika pa nthunzi. Alendo otere ukawaikira matamale osapsa, wawauza kale kuti m'nyumba muno muli wina sakuwafuna. Matamale sanama. Munthu amene wagwirako ntchito yake akakhala wokwiya, sapsa, ngakhale usonkhere nkhalango yonse.

Tsono vuto lake, wopsa mtima wodziwika pakhomo pano ndine, Gudelia. Sindikana. Ndinakalipirapo wansembe, ndinakalipirapo bulu. Ndiye ndinalumbira pamaso pa chithunzi cha Rita Woyera kuti kuyambira Loweruka mpaka alendo atachoka, ndikhala wokoma ngati uchi.

Inali nthawi ya ng'amba. Mvula inagwa bwinobwino poyamba, kenako inangoti zii, dzuwa n'kubwerera ngati laiwala china chake. Galimoto yogulitsa madzi inalonjeza kubwera, sinaoneke. Mu mgolo wathu madzi anali m'munsi, ndipo pambali pa mgolowo panali a Nicandro, chikho kumanja, ngati msilikali.

Amuna angawa si oumira ndalama, si oumira chakudya. Koma madzi! Kuseri kwa nyumba ali ndi kadimba kawo, komwe amasungirako mbewu ya chimanga chakuda chimene anawasiyira bambo awo, pamodzi ndi nyemba, maungu ndi tsabola. Sathirira pamwamba ayi. Anakwirira mitsuko yadothi m'nthaka, khosi lokha n'kumaonekera, uliwonse uli ndi kamwala kovundikira. Amathira madzi mu mtsukomo, mtsuko n'kumathukuta pang'onopang'ono pansi, mizu n'kumayamwa, dzuwa osalawako ngakhale dontho. Mitsuko itatu yaikulu kwambiri anaikwirira pobadwa ana athu, ndipo amaitchula mayina awo. Abundio ali ku California, Celerina ali ku Oaxaca m'tauni, koma m'mawa uliwonse umva kuseriko, "Abundio lero wamwa kwambiri. Celerina akudontha." Ine ndinasiya kalekale kuwayankha.

Loweruka ndinaphika chimanga ndi njereza, ndinachisiya chigone m'madzi ake mpaka khungu litafewa. Lamlungu m'mawa pofuna kuchitsuka, ndinapita pa mgolo.

"Bambo a Otilia, madzi."

Ananditungira chikho chimodzi, china, n'kuima.

"Chimanga chonsechi ndichitsuke ndi malovu?"

"Madzi akatayika sawoleka, Gudelia."

Mawu anafika pammero. Ndinawameza, ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. "Zikomo kwambiri, amuna anga okondedwa."

Anandiyang'ana ngati ndadwala.

Mlamu wanga Eufrosina, mlongo wawo wa a Nicandro, anabwera kudzathandiza. Ndi mayi wamfupi, wonenepa, wodziwa miyambo yonse ndi ina yoti anaipeka yekha. Tinapera chimangacho pa mphero, iye akusinthana ndi Otilia, ine ndikukanda ndi mafuta a nkhumba mpaka kachidutswa kake katayandama m'kapu. Tinapaka pa makoko, pakati n'kuikapo nyama ya nkhukundembo ndi msuzi wa tsabola wakuda, n'kumakulunga. Eufrosina anang'amba timizere ta makoko, namanga makutu onse awiri a mphika.

"Kuti usamve zokamba za anthu ena," anatero, diso lili pa ine.

"Ine lero ndine mwana wa nkhosa, alamu."

"Nkhosa yake ya nyanga."

Pansi pa mphika tinaponyamo ndalama yachitsulo ya peso imodzi. Madzi akamawira pesoyo imalira ngwe ngwe ngwe, ikangosiya mudziwe kuti madzi aphwa. Madziwo anathira ndi a Nicandro eni ake, poti sakanalola wina agwire chikho. Nkhuni anasonkhanso okha, kenako anakakhala pansi pa mtengo wa pichesi n'kumasoka chipewa chimene sichinang'ambike.

Mayesero anga anayamba pomwepo. Mbuzi ya a neba inalowa n'kutafuna mpango wanga wa ku tchalitchi umene ndinayanika pampanda. Ndinaiuza kuti, "Idya bwino, mwana wanga, usatsamwe." Galu anagubuduza mbale ya mchere, ndinamusisita pamutu. Nkhuni inathetheka n'kundiwotcha chala, ndinayimba nyimbo ya Maria. Otilia anandinong'oneza, "Amayi, mukundiopsa. Tukwananiko pang'ono."

Nthawi itakwana, Eufrosina anadzilemba chizindikiro cha mtanda, navundukula, natulutsa imodzi. Tamale yakupsa imasiyana ndi khoko lake yokha, mwaulemu. Iyi inakakamira. Mbali ina inali yolimba, mbali ina phala. Anatulutsa ina, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzi.

Otilia anakhala pansi pomwepo, manja kumutu.

Eufrosina anatembenuka pang'onopang'ono, chipande chili m'manja. "Gudelia."

"Ine? Mwandiona nokha! Mbuzi ija ndaipatsa madalitso!"

"Mkwiyo wobisa ndiye woipitsitsa. Mphika waumva fungo. Tembenukani."

"Alamu, ndine mayi wa ana atatu."

"Ndipo mmodzi watsala pang'ono kukalamba pakhomo. Tembenukani!"

Mankhwala ake ndi odziwika, si ine ndinawapeka. Wokwiyayo amamukwapula pamatako, kenako amauvinira mphika mpaka mphikawo utaseka. Ndinayang'ana nkhope ya mwana wanga, ndinatembenuka. Phwa! Phwa! Eufrosina anali ndi ngongole nane ya zaka zambiri, ndinaimva m'chipande muja. Kenako anatsegula wayilesi, mukulira malipenga a bandi, ine n'kuyamba kuzungulira moto.

"Dikulani! Mphikawo sukuona!"

"Ndikudikula!"

"Kudikula kwake kumeneko? Ngati mukupewa ndowe! Otilia, dzuka, thandiza amayi ako!"

Otilia anadzuka misozi ili m'masaya, n'kugwira siketi. Eufrosina nayenso sanapirire, analowa m'bwalo, thupi lonse likugwedezeka palokhapalokha. Galu anayamba kuuwa n'kumatizungulira. Nkhukundembo imene inapulumuka inatambasula chipsepse chake n'kumayankha malipenga. Ndinawerama, ndinauyimbira mphikawo, ndinautchula mayina okoma, mayi wanga, duwa langa, kapsereni pang'ono chabe. Otilia anaphulika kuseka akulira yemwe. Ine ndinavina mpaka nsapato imodzi inauluka n'kukagwera pachipata.

Inagwera pamapazi pa Donya Maclovia.

Anali ataima pamenepo, atavala zakuda, mpango uli pamutu bwinobwino. Kumbuyo kwawo kunali Don Tranquilino, nkhoswe yawo, atanyamula dengu la buledi, ndi Fidencio atavala malaya oyera omangidwa mpaka pakhosi, thukuta lili kamukamu. Ine mwendo uli m'mwamba. Eufrosina anathamangira wayilesi, m'malo moizimitsa anaikweza.

Kenako inazima. Don Tranquilino anakonza pammero kuti ayambe mawu ake aatali aja, "Ndi chilolezo cha Mulungu ndi cha eni nyumba ino, tabwera ngati opempha," koma Donya Maclovia anakweza dzanja. Anatola nsapato yanga n'kundipatsa.

"Sakupsa?" anafunsa.

Kunama kunalibe phindu, tamale yosapsa inali gone pambale. "Sakupsa, Donya Maclovia. Ndakwapulidwa kale. Ndavinanso."

"Ndaona." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato. "Si inu. Munthu wokwiya savina chonchija."

Anayandikira moto, n'kupendeketsa mutu. Tonse tinatchera khutu naye limodzi. Peso ija sinkalira. Sindikudziwa inasiya liti, malipenga aja ndiwo anatigonthetsa.

"Waphwa mphikawu. Anathira madzi ndani?"

Makosi athu anatembenuka okha. Pansi pa pichesi, a Nicandro anali akusokabe chipewa, singano ikulowa pamalo amodzimodzi.

"Oho!" Eufrosina anaomba m'manja. "Ndiye ndakwapula munthu wosalakwa! Achimwene, bwerani kuno!"

"Ine za kukhitchini sizindikhudza."

"Madzi munathira ndinu, moto munasonkha ndinu. Dzanja lanu lili mumphikamu."

Ine apa lumbiro langa linatha mphamvu. Ndinathamangira pa mgolo ndi chikho kuti ndithire ndekha, zokalipa zibwere pambuyo. Chikho chinakhula pansi, gwaa. Tinali titatsukira chimanga, titaphikira nyama, titachapira malaya a Otilia. Munalibe ngakhale oti mbalame imwe. Chitsime cha mudzi chili kutsidya kwa phiri, kupita ndi kubwera alendo akanakhala atanyamuka. Paja mlendo ndi mame.

Donya Maclovia anapita n'kukaima patsogolo pa a Nicandro. Ndinkayembekeza mabingu. Koma anangofunsa motsitsa, "Don Nicandro, mwana wanga anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndi mnyamata wabwino."

"Nanga mwakwiyiranji?"

Anatembenuza chipewa chija kawiri katatu. Amuna angawa mawu amawatunga ngati madzi omwe, chikho chimodzi, n'kuima.

"Ndakwiya, inde," anatero. "Abundio anapita. Celerina anapita. Watsala mmodzi yekhayu. Anabadwa chaka cha chilala, kakang'ono ngati chitsononkho, anthu akuti sakhala. Ndinkapita kutsidya kwa phiri kukamutungira madzi osamba. Ndamulera chikho ndi chikho. Ndiye inu mungobwera ndi buledi?"

Don Tranquilino anayang'ana dengu lake mwamanyazi, ngati buledi ndiye walakwa. Ine mkwiyo wanga unangosungunuka, m'malo mwake munalowa chisoni, ndipo sindinachikonde. Zaka zonsezi ndimagona pambali pa munthuyu, ndinkayesa akungovuta.

Otilia anapita n'kugwada pafupi nawo. "Ababa, kwa a Fidencio ndi kuseri kwa phiri lomweli. Mukakuwa ndikumvani."

"Ine sindikuwa."

"Ndiye amayi azikuwa m'malo mwanu."

Eufrosina anaseka mpaka kukhosomola. A Nicandro sanaseke. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mphika umene unayamba kutulutsa kafungo ka makoko opserera. Anadzuka, anatenga ndowa ndi kachikho kawo ka mpini wautali, n'kulowera kuseri kwa nyumba.

Tonse tinawatsatira, ndi alendo omwe, ndi galu yemwe. Chimanga chakuda chija chinali chitangoyamba kumasula ngayaye, nthawi imene chimanga sichifuna ludzu ngakhale la tsiku limodzi. Masamba anali obiriwira pakati pa dziko lofiira. A Nicandro anagwada, anachotsa kamwala.

"Pepa, Abundio," anatero, n'kuyamba kutunga.

Anatunga mpaka kachikho kakukhula dothi. Anasunthira kwa Celerina, namupepesanso. Ndowa inafika pakati. Pa mtsuko wachitatu anaima, dzanja lili pa kamwala.

"Awa akwana, bambo," ndinatero. "Chimanga chanu chifa."

"Matamale ake ndi ambiri. Sakwana."

Anavundukula mtsuko wa Otilia, n'kutunga onse mpaka dontho lomaliza. Anthu inu, munthu amene amanditsata ndikamatsuka m'kamwa kuti aone kumene ndilavulire!

Madziwo tinawatenthetsa msanga pa chiwaya, tinathira m'mbali mwa mphika, tinavundikira. Eufrosina anamanganso makutu. Kenako anatola chipande n'kuwayang'ana achimwene ake, koma dzanja linamulemera, mkulu wake ndi mkulu wake. Donya Maclovia anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Ineyo andiyendetsa maulendo anayi."

"Donya Maclovia, ulemu pang'ono," anatero a Nicandro akubwerera m'mbuyo.

"Tembenukani, Don Nicandro."

Phwa! Fumbi linatuluka m'thalauza. Phwa! Don Tranquilino anaika dengu pansi n'kudziphimba kumaso ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ine ndinakuwa kuti, "Onjezani ina, yanga ija ibwezedwe!" Wayilesi inatsegulidwa, ndipo amuna anga, amene sanavine ngakhale pa ukwati wathu, anayamba kuuvinira mphika.

Kuvina kwake ndikusowa nako mawu. Ankaponda ngati akupha nyerere, manja ali tolotolo, nkhope ili ndwii ngati ali pamaliro. Eufrosina anagwa pansi n'kumamenya nthaka. Fidencio, mwana waulemu, anayesetsa kudzigwira mpaka misozi, kenako anaona kuti njira yabwino yolemekezera apongozi ndi kuvina moipa kuwaposa, n'kulowa m'bwalo. Donya Maclovia anavula mpango, anaumanga m'chiuno, ndipo mayi woopsa uja anapezeka kuti ali ndi chiuno cha mtsikana. Anandikoka, ndinakoka Otilia, Otilia anakoka Don Tranquilino. A neba anasuzumira pampanda, mbuzi yawo ili pambali ikutafunabe mpango wanga. Penapake pakati pa fumbilo ndinamva phokoso lachilendo, ngati chitseko chadzimbiri. Anali a Nicandro akuseka.

"Chete!" anakuwa Otilia. "Tamverani!"

Ngwe ngwe ngwe ngwe. Peso inali ikuvina nafe.

Tinadikira tili pamthunzi, tikupemerera ndi zipewa, Don Tranquilino n'kupeza mpata wonena mawu ake onse aatali aja, palibe amene ankamvetsera. Eufrosina atavundukulanso, tamale inasiyana ndi khoko lake yokha, yosalala, ikufuka nthunzi. Yoyambayo anaipereka kwa Donya Maclovia. Analuma, anatafuna, tonse tikuyang'ana pakamwa pawo.

"Mchere wachepa," anatero. "Koma apsa."

A Nicandro anaimirira, anavula chipewa chosokedwasokedwa chija. Anayang'ana Fidencio. "Umadziwa kukwirira mtsuko?"

"Ndiphunzira, bambo."

"Khosi lizitsala kunja zala ziwiri. Ukauponda, ndidzamutenganso mwana wanga." Anapuma. "Chabwino. Inde."

Otilia anawakumbatira mpaka chipewa chinagwa. Mesikali inatsegulidwa, dontho loyamba tinathira pansi monga mwa nthawi zonse, ndipo a Nicandro sanadandaule, poti sanali madzi.

M'mawa mwake kusanatenthe, Fidencio anatulukira ndi abulu awiri atasenza zigubu za madzi a ku kasupe wa kwawo. Anabwera tsiku ndi tsiku mpaka ng'amba itatha, apongozi ake akumulondola pambuyo n'kumamuuza kuti akuthira molakwika. Chimanga china chinafota, chambiri chinapulumuka. Ukwati unachitika titakolola, ndipo matamale ake anali a chimanga chakuda chomwecho. Anapsa ulendo umodzi.

Tsiku loperekeza Otilia, katundu ali kale pa galimoto, bokosi, mphero yatsopano, zofunda, a Nicandro anasowa. Ndinawapeza kudimba akukumba ndi manja, mosamala ngati akufukula mbatata. Anazula mtsuko wachitatu uja wathunthu, mizu yakale itaukuta ngati ukonde. Anausasa, anathiramo mbewu ya chimanga chakuda mpaka pakhosi, anavundikira ndi kamwala kake, n'kukauika pamiyendo pa mwana wawo. Otilia anaukumbatira njira yonse.

Pamalopo panatsala dzenje. Ndinawauza kuti alikwirire munthu asanathyoke mwendo, anati mawa.

Mawa lakelo ndinadzuka n'kuyamba kukoleza moto, ndinamva kuseri mawu a masiku onse. Ndinasuzumira pa zenera. Anali ndi ndowa yawo ndi chikho, akuyenda pa mzere wawo. Anachotsa kamwala, "Abundio," n'kuthira. Anasuntha, "Celerina," n'kuthira. Anasunthanso, anatunga chikho chodzaza, anawerama. Ndinaona dzanja likuima m'malere pamene anazindikira. Anakhala choncho kanthawi, akuyang'ana m'dzenjemo. Kenako anapendeketsa chikho pang'onopang'ono, madzi onse n'kulowa m'dothi lopanda kanthu.

Mawu anafika pammero, ndipo anali okoma, ndikanawaseka nawo chaka chathunthu. Ndinawameza. Ndinabwerera pa moto wanga, n'kuika makapu a khofi patebulo, ndipo nditawayang'ana ndinapeza kuti ndaika atatu.